Malume Anaima Kuseri kwa Waya

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinathandiza nkhosa kuswa kwa nthawi yoyamba. Sikunali kwathu ku Ntcheu, kumene munthu angayembekezere zotere, koma m'chipululu cha kunja kwa mzinda wa Doha, m'chaka chija korona anatsekera aliyense pamene anamupeza.

Mayi anga anapita ku Qatar kukagwira ntchito ya m'nyumba ine ndili mu Sitandade 2. Ndinakulira kwa mayi aang'ono ku Bangwe, mwana wa m'tauni weniweni, wodziwa mbuzi ikakhala pachiwaya basi. Mayi ndinkawadziwira pa foni. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho abwana awo aakazi, amene antchito onse ankangowatchula kuti Madamu, anakonza viza yoti ndikawaone kwa milungu yochepa. Aphunzitsi anga anang'ung'udza kuti teremu ili pakati, koma mayi aang'ono anati mwayi sudikira holide.

Tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yaikulu ku Al Markhiya, pabedi limodzi, koma tinkachitirana ulemu ngati anthu ongokumana m'basi. Iwo ankandifunsa za sukulu, ine n'kumayankha mawu awiri. Akafuna kundiluka tsitsi ndinkaumitsa khosi. Sindinkawada ayi, koma mumtima mwanga munali kanthu kouma kamene sindinkakadziwa dzina. Tisanazolowerane n'komwe, tinamva kuti ndege zaima. Ulendo wa milungu yochepa uja unasanduka wopanda tsiku lobwerera.

Tsiku lina m'mawa, ndikuchokera koyanika zovala, ndinapeza chikwama changa chili panja, chitseko chokhoma. Pamwamba pa chikwamacho anaikapo kabotolo kanga kopopera mkamwa, chifukwa ndinali ndi mphumu chibadwire. Ndinagogoda.

"Usalowe, Tiyamike," anatero mayi ali mkati, mawu atasasa. "Khala pamthunzi pamenepo. Malume ako akubwera."

"Ndalakwa chiyani?"

Ndinangomva akutsokomola, chifuwa chouma chija chosafuna kutha. Ambulansi itabwera, anthu ovala zoyera thupi lonse anawatulutsa, ndipo iwo anadutsa osacheukira kumene ndinaima. Ndinakhala pachikwama changa mpaka pikapu yafumbi inaima pageti.

Malume a Lufeyo, achimwene awo a mayi, anali munthu wamtali, wowonda, wolankhula ngati mawu ndi ogula. Ankasamalira ziweto za banja lomwelo ku famu yawo, imene kumeneko amati izba. Tinasiya nyumba zazitali m'mbuyo, misewu ikuluikulu ili zii, mpaka tinayamba kuona mchenga ndi miyala yokhayokha. Njira yonse anangonena chinthu chimodzi: "Mayi ako ndi olimba. Vala masikiyo bwino."

Izba inali mpanda wa waya pakati pa chipululu. Mkati mwake munali mitengo ya kanjedza, tanki yamadzi, makola ofolera ndi malata, nyumba ya abwana imene inkatsegulidwa Lachisanu lokha, ndi kontena yogonamo antchito. Fungo la ndowe ndi udzu wouma linandilandira ndisanatsike. Mbuzi zake zinali za makutu aatali olendewera, nkhosa za michira yonenepa ngati pilo. M'khola lakelake, lokhala ndi mafani padenga, munali nyama zitatu zimene ndinali ndisanazionepo: khosi lalitali ngati la ngamira koma zopanda linunda, ubweya wambiri, maso aakulu a nsidze zazitali.

"Amati lama," anatero malume. "Bwana anaziitanitsa kunja kuti ana ake azisangalala nazo. Usaziyandikire kumaso, zimalavula. Yoyerayo ndi Lulu, ili ndi bere."

Malume ankagwira ntchito ndi mnzawo wa ku Sudan, koma iye anali atapita kwawo ku tchuthi. Malamulo anali atangosintha, wantchito sankafunikanso chilolezo cha bwana kuti atuluke m'dziko, ndiye anapita mokondwa. Ndege zitaima analephera kubwerera. Malume anatsala okha, ndipo inali nyengo imene mbuzi ndi nkhosa zinkaswa motsatizana. Tsiku lililonse tinkapeza ana atsopano m'khola, onyowa, akunjenjemera.

Sanandifunse ngati ndikufuna kugwira ntchito. M'mawa wotsatira anangondipatsa ndowa. Ndinaphunzira kudzaza momwera madzi, kumasula mabelo a udzu, kuviika mchombo wa mwana mu ayodini kuti usalowe matenda. Ndinaphunzira kuti mwana akangobadwa mayi wake ayenera kumunyambita mpaka aume, ndi kuti ayenera kuyamwa mkaka woyamba wachikasu uja dzuwa lisanakwere, apo ayi amafooka n'kungogona. Mbuzi zina zongoyamba kumene zinkathawa ana awo, ndiye ndinkazigwira nyanga malume n'kumalowetsa bere mkamwa mwa kamwana. Zala zanga zinadetsedwa ndi ayodini, zovala zanga zinkanunkha tonde. Ndinkanyansidwa, komabe ntchitoyo inkandithandiza kuti ndisamangoyang'ana foni.

Foniyo inali ya malume, yosweka galasi pakona, ndipo inkakhala pawindo la kontena pamene netiweki inkagwira. Masiku oyamba mayi ankaimba m'mawa uliwonse. Ankalankhula ndi achimwene awo, kenako n'kufunsa ngati ndili pafupi. Ine ndinkayankha kuti "ndili bwino" n'kubweza foni, chifukwa za chitseko zija zinali zisanandichoke. Kenako mawu awo anayamba kufupika, akumapumira pakati pa chiganizo. Kenako foni inasiya kulira. Malume ataimba ku chipatala, namwino anawauza kuti mayi awasamutsira ku wodi ina ndipo ali pa okosijeni. Anandiuza zimenezi akumanga geti ndi chingwe, osandiyang'ana, ngati akunena za nyengo.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikanyamula ndowa makutu anga anali kuwindo. Mbalame ikalira ndinkathamanga poganiza kuti ndi foni. Ndinkadzifunsa kuti akamwalira ndidzabwerera bwanji kumudzi ndege kulibe, adzaikidwa kuti, ndani adzauze mayi aang'ono. Chakudya ndinkachisiya m'mbale. Malume ankangodya mwakachetechete n'kubwerera ku khola, ndipo ndinayamba kuganiza kuti munthuyu alibe mtima.

Ndiye m'mawa wina ndinadzuka osamva phokoso la ndowa zawo. Nditatuluka ndinawapeza ali kunja kwa mpanda wa makola, atakhala pa ndowa yovundikira, atadzifunda bulangeti ngakhale kunja kunali kutayamba kale kutentha. Nditayamba kuwayandikira anakweza dzanja.

"Ima pomwepo. Thupi latentha, ndipo sindikumva fungo lililonse, ngakhale la tonde. Kuyambira lero iwe ukhala mbali iyo ya waya, ine mbali ino. Ndizigona m'pikapu. Chakudya uziika pamwala uwo n'kuchoka."

Kenako anatsokomola, ndipo ndinachidziwa chifuwacho.

Sindikudziwa kuti mawu anachokera kuti. Mwana woleredwa bwino salankhula motero kwa malume ake, koma ndinakuwa. "Nonse ndinu amodzimodzi! Amayi anandiponyera chikwama panja ngati galu, inunso mukundithamangitsa. Munandiitanira chiyani kuno?"

Malume anandisiya mpaka ndinamaliza. "Mayi ako atakhoma chitseko chija anandiimbira foni akulira moti sindinkamva zimene akunena," anatero. "Ndinangomva kuti, 'Achimwene, fulumirani, mwanayu ali ndi mphumu, ndagona naye bedi limodzi.' Sanakuyang'ane potuluka chifukwa akanakuyang'ana akanakuthamangira. Pita ukamwetse mbuzi."

Ndinapita. Ndinamwetsa mbuzi misozi ikugwera m'ndowa.

Malume anaimba nambala ya zaumoyo ija aliyense ankaimba, ndipo anawauza kuti adzipatule, adikire, odwala ndi ambiri. Anaimbiranso bwana, amene anadandaula nawo kwambiri n'kulonjeza kuti apeza munthu wodzathandiza. "Bukra, inshallah," anatero bwana, kutanthauza mawa Mulungu akalola. Koma aliyense anali wotsekeredwa kwake, ndipo mawa linabwera n'kupita. Ndinkagwira ntchito ndekha, malume akundilangiza kuseri kwa waya. Tsiku lililonse mawu awo ankachepera mphamvu, mbale imene ndinkaika pamwala inkabwerera yosakhudzidwa.

Tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri linacha ndi mphepo yafumbi. Thambo linali lotuwa, mchenga ukulowa m'maso ndi m'mano, malata a makola akulira. Lulu inali yosakhazikika chiyambire m'mawa. Inkagona, n'kudzuka, n'kupita pakona, ikung'ung'uza chapansipansi. Ndinaima pakhola lake mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti bwana amaikonda kuposa ziweto zonse.

"Isiye imeneyo," anatero malume. "Ndikumva nkhosa ikubuula ku khola lakumapeto. Kaone."

Inali nkhosa yaikulu ya mutu wofiirira. Inagona chammbali pakona, khosi litawongoka, ikukankha koma palibe chimene chinkayenda. Malume anadzikoka m'mbali mwa waya mpaka anafika moyang'anizana ndi kholalo, chapatali ndithu, n'kugwira mzati.

"Ukuona chiyani? Ndiuze."

"Mutu wa mwana watuluka, ndi kamwendo kamodzi. Lilime lili panja."

"Kamodzi?" Anasuzumira kudzera pawaya. "Mwendo wina watsalira m'mbuyo, phewa lakola. Yokha singathe. Kasambe ndi sopo mpaka m'zigongono, ubwere ndi mafuta ophikira."

"Malume, ine sindingathe."

"Sindinakufunse ngati ungathe. Kasambe. Yalla, fulumira."

Ndinasamba mwaphuma moti sopo anagwa pamchenga kawiri. Ndinagwada kumbuyo kwa nkhosa ija, ndinadzola mafuta, n'kuyang'ana kwa malume ngati mwina asintha maganizo.

"Lowetsa dzanja motsatira khosi la mwana, mbali imene kulibe mwendo. Pang'onopang'ono. Ikamakankha ima, usalimbane nayo. Ikapumira pitiriza."

Mkati munali motentha, moterera, mothina kuposa mmene ndinkaganizira. Nkhosa itakankha inandifinya dzanja mpaka ndinalira. Sindinkadziwa chimene ndikukhudza. Zonse zinkangomveka ngati mafupa ndi ubweya wonyowa. Fumbi linayamba kundikanda pachifuwa, ndipo ndinamva kaphokoso kaja ka mluzu kamene kamayamba mphumu ikamabwera. Kabotolo kanga kanali m'thumba la siketi, koma manja onse anali mafuta ndi magazi.

"Ndikubanika, malume."

"Tulutsa dzanja, upukute pachiguduli, upope. Nkhosa idikira. Ukatha ubwerere."

Mawu awo anali odekha ngati akundituma kukatunga madzi. Ndinapopa, ndinapuma, ndinasambanso, n'kubwerera.

"Wapeza phewa?"

"Ndikuganiza choncho."

"Tsika nalo. Upeza bondo. Kolowetsa chala kuseri kwa bondolo."

Ndinatsika, ndinapeza kanthu kopindika, ndinakolowetsa chala. Ndinadikira kuti andiuze chotsatira, koma kunali zii. Nditacheuka ndinaona malume atagwada pamchenga, manja atagwira waya, mutu uli pansi, akutsokomola mosalekeza. Thupi lonse linkagwedezeka. Mtima wanga unati uthawe. Ndinayamba kutulutsa dzanja kuti ndiwathamangire, koma iwo osadzutsa mutu anandibweza ndi dzanja. Ndinakhala choncho, dzanja limodzi m'mimba mwa nkhosa, maso pa malume, osadziwa kuti mwa awiriwa ayambe kufa ndani.

Chifuwa chitawasiya analavula, anapukuta pakamwa ndi bulangeti, n'kupitiriza pamene anasiyira. "Pinda bondolo, ulikokere kwa iwe. Kaphazi ukafumbate m'manja kuti kasang'ambe mayi. Katuluke pafupi ndi mutu."

Ndinayesa, kanandipulumuka. Ndinayesanso. Mwadzidzidzi kamwendo kanawongoka n'kutulukira pafupi ndi kanzake.

"Katuluka!"

"Gwira miyendo yonse iwiri. Ikamakankha koka, molozetsa pansi. Isanakankhe usakoke."

Nkhosa inabuula, ine ndinakoka, ndipo mwana anatsetsereka n'kugwera pamaondo anga, wamtali, wolemera. Ndinamupukuta mphuno, ndinamutikita ndi chiguduli monga ndinkaonera malume akuchita. Sanagwedezeke. Mutu unali wotupa, maso ali gwa.

"Wafa, malume. Ndamupha."

"Anafa usanafike. Muike pambali. Sambanso, ulowetse dzanja, uone ngati muli wina."

Ndinkafuna kukhala pansi ndilire, koma sanandipatse mpata. Ndinalowetsanso dzanja, ndipo chapafupi pomwepo ndinakhudza tiziboda tiwiri ndi kamphuno. Ameneyu anabwera bwino, wamng'ono, wa mawanga kumaso. Nayenso anangoti phee. Ndinachotsa zonanda mkamwa ndi m'mphuno, ndinamutikita m'nthiti mwamphamvu.

"Tenga kaudzu umulowetse m'mphuno," anatero malume.

Ndinatero. Kamwanako kanagwedeza mutu, kanayetsemula, n'kulira kamawu kakang'ono ngati chitseko chadzimbiri. Nkhosa ija, imene ndinkaganiza kuti yatha, inadzutsa mutu n'kuyankha. Ndinakakokera kumutu kwake, ndipo inayamba kukanyambita mwaphuma, ikulira chamumtima. Ndinakhala pansi pandowe pomwepo.

Sindinapume nthawi yaitali. Kuchokera ku khola la malama ndinamva chinthu chikugwa pansi kuti thi. Nditathamangira kumeneko ndinapeza Lulu itaswa chiimire, mwana ali thapsa pamchenga, khosi lalitali litapindika, miyendo ili balala ngati nkhuni zomwazika. Anali wonyowa, mchenga utamumatirira thupi lonse. Ndinadikira kuti mayi wake amunyambite. Sanatero. Lulu inangoima, ikuyang'ana, makutu ali tsonga.

Zonse zimene ndinaphunzira m'masabata amenewo zinkandiuza kuti mwana wosanyambitidwa amafa. Ndinali nditangotaya mmodzi m'manja mwanga. Ndinatola chiguduli n'kuyamba kumasula geti.

"Nangozo!"

Malume anali asanandiitanepo ndi dzina la mfunda. Ndinauma.

"Chotsa dzanja pageti."

"Afa, malume! Sikumunyambita!"

"Ndati chotsa dzanja. Bwerera m'mbuyo. Ima pamzati apo, uyang'ane."

Sindinadikirepo chinthu movutika ngati mmene ndinadikirira tsiku limenelo. Mphepo inkaomba, mafani akuzungulira padenga, kamwana kali chigonere. Ndinkaluma chiguduli chija kuti ndisakuwe. Kenako Lulu inatsitsa khosi lake lalitali, inagunda mphuno ya mwana ndi mphuno yake, n'kuyamba kung'ung'uza, mawu ofewa obwerezabwereza. Malama awiri aja anabwera nawonso kudzanunkhiza. Kamwanako kanagwedeza khutu. Kanagubuduzika mumchenga uku ndi uku, ndipo ndinaona kuti mchengawo ndi umene unkakaumitsa. Kanadzutsa mutu, khosi likupepesuka. Kanayesa kuimirira, kanagwa chafufumimba. Kanayesanso, kanagwa chammbali. Lulu inangopitiriza kung'ung'uza, osachoka, osakakhudza. Dzuwa litafika pamutu kanaima, miyendo itatangadza, kali njenjenje, n'kuyamba kufufuza bere pansi pa mimba ya mayi ake.

"Kayamwa, malume! Kakuyamwa!"

"Khalasi," anatero malume, ndiye kuti zatha. Anagona chagada pamchenga pomwepo n'kudziphimba kumaso ndi bulangeti. Ndinaima pawaya ndikuyang'anitsitsa bulangetilo kuti ndione ngati likukwera ndi kutsika.

Ambulansi inafika masana a tsiku lomwelo. Akuwakweza, malume anachotsa masiki ya okosijeni imene anali atangowaveka n'kunena kuti, "Wakufayo umukwirire kutali ndi khola, mozama, agalu asafukule. Nkhosa ija uipatse madzi ofunda." Anthu a ambulansi anayeza inenso, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ndinalibe matendawo. Dzuwa lisanalowe Madamu anabwera okha pagalimoto, atavala masiki ndi magolovesi, n'kundisiyira mayi wa ku Kenya amene ankaphika kunyumba kuja kuti azikhala nane. Anapanganso zoti m'busa wa pa izba yoyandikana nayo azibwera m'mawa ndi madzulo. Ataona kamwana ka lama anaombera m'manja, kenako anayang'anitsitsa siketi yanga yamagazi.

Masiku otsatira anali olemera. Anthu awiri amene ndinali nawo m'dziko limenelo onse anali m'chipatala, ndipo foni inali duu pawindo. Ziweto zinkaswabe, sizinkadziwa za korona. Ndinkadzuka, n'kumwetsa, n'kuviika michombo, n'kuyang'ana pawindo. M'mawa wina ndikupatsa ziweto udzu ndinamva foni ikulira. Ndinathamanga n'kugwa pakhomo la kontena, bondo n'kusupuka.

"Tiya?" Anali mayi, koma mawu awo anali aang'ono kwambiri, ngati akuchokera m'chitsime. "Wadya?"

Ndinangolira, iwo n'kumandimvetsera. Nditapeza mawu ndinati, "Amayi, inuyo mukudya?" Kenako ndinawauza za nkhosa, za mwana wakufa ndi wamoyo, za lama yosanyambita mwana, zonse mosakaniza. Anaseka, kuseka kunawatsokomoletsa, namwino n'kuwalanda foni. Linali tsiku loyamba kuti ndilankhule ndi mayi anga mawu opitirira awiri popanda kufunsidwa.

Onse awiri anachira, mayi msanga, malume mochedwa. Ndinakhala ku Qatar mpaka ndege zinayambanso kuyenda. Pofika nthawi imeneyo malamulo anali atasinthanso, munthu ankatha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, ndipo malume, amene chifuwa chawo sichinkapiriranso fumbi la m'khola, anapeza ntchito ya ulonda ku Al Khulaifat. Anasiyana bwino ndi banja lija. Tsiku loti ndinyamuke anapempha ofu n'kubwera kudzandiperekeza ku bwalo la ndege, atavala yunifolomu yowakulira m'mapewa. Mayi atapita kukafunsa za katundu, ine ndi malume tinatsala pabenchi, ndipo ndinawafunsa chimene ndinkafuna kufunsa kwa miyezi.

"Malume, munadziwa bwanji kuti lama sinyambita mwana wake?"

Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka anagwira pachifuwa. "Ine? Lama ndikanaionera kuti ikuswa? Ku Tsangano? Inali nthawi yanga yoyamba ngati iwe."

"Ndiye bwanji munandiletsa?"

"Sindinkadziwa kuti kamwanako kadzuka. Ndinkaganiza kuti mwina kafa. Koma ndinaona mmene mayi wake anaimikira makutu. Ndinati ukalowa ikugwetsa n'kukupondaponda, ndipo ine sindikanatha ngakhale kukwawa kuti ndikakuchotse. Ndikanamuuza chiyani mlongo wanga?"

"Nanga nkhosa ija?"

"Imeneyo ndinkaidziwa. Koma pamene unati ukubanika, ndinkapemphera chamumtima, maso anga sankaonanso bwino. Ndinkangoona zinthu ziwiriziwiri. Ndinati ndikangosonyeza mantha, mwanayu athawa, nkhosa ifa, iyenso mphumu imugwira ali yekha. Ndiye ndinkangokuuza chinthu chimodzi, ukachita, n'kukuuza china."

Ndinakwera ndege ndikuganizira mawu amenewo, ndipo mpaka lero sanandichoke. Nthawi yonse ija ndinkakhulupirira kuti malume ndi mwala, kuti akudziwa mmene zonse zithere, n'chifukwa chake sankanjenjemera. Ndinkawakwiyira chifukwa cha kudekha kwawo, komanso ndinkatsamira pa kudekha komweko. Sindinkadziwa kuti munthu amene ankandilamula kuseri kwa waya anali ndi mantha oposa anga, mlongo wake ali pa okosijeni, iye mwini akulephera kupuma, mwana wa eni ake ali m'manja mwake m'dziko la eni. Mantha akewo anawameza kuti ine nditsale ndi anga okha, amene ndikanatha kuwanyamula.

Chaka chatha ku Bangwe, mwana wa mayi aang'ono, wa zaka zitatu, anadzikhuthulira madzi otentha pamwendo ine ndili ndekha ndi ana. Mkulu wake, mtsikana wa sitandade 4, anayamba kukuwa n'kumazungulira pabwalo. Ndinamva mawu anga akutuluka odekha, ngati a munthu wina. "Bweretsa ndowa ya madzi ozizira. Wabweretsa? Thira pang'onopang'ono, usasiye. Tsopano thamanga ukaitane a kabaza." Mtsikanayo anachita chimodzichimodzi, ndipo tinafika ku chipatala nthawi yabwino. Madzulo ake anandiyang'ana ndi maso aulemu n'kunena kuti, "Asisi, inu simuopa chilichonse eti?"

Sindinamuuze kuti mkati mwa chitenje maondo anga ankagundana. Ndidzamuuza akadzakula pang'ono.